Kodi ndine mphika wa dothi, wongoyenera kuswedwa?

Agogo,

Ndine bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Kusukulu sindinapiteko. Bambo anga anangondiphunzitsa kutchula zilembo za pemphero, kenaka anandipatsa nyundo ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, kwathu ku Moroko, tisanakwere sitima yapamadzi kubwera kuno ku Tsefati. Choncho mundipirire. Nkhani yanga ndiiyala pang'onopang'ono, chifukwa ndikathamanga ndidumpha pamene pali bala penipenipo.

Ntchito yanga moyo wonse yakhala ya mapoto: kusula a mkuwa, kumata obowoka, kubwezera zogwirira. Ndipo chaka chilichonse Paska ikayandikira, ndine ndimatereka chimgolo cha madzi pabwalo la sunagoge wathu, amayi a m'dera lonse n'kumabwera ndi ziwiya zawo kuti ndiziyeretse. Malamulo a ntchito imeneyi sindinawawerenge m'buku, ali m'manja mwangamu. Chiwiya chimalavula momwe chinamezera. Poto amene anameza m'madzi owira amayera ndi madzi owira. Chiwaya chimene chinameza pamoto wouma chimayera ndi moto, mpaka chitsulo chifiire. Koma mphika wa dothi, Agogo, inunso mukudziwa, zimene unameza sulavula. Mayi akabwera nawo ndimamuuza kuti, "Amayi, uwu bwererani nawo. Mankhwala ake n'kuuswa basi." Mawu amenewa ndawanena zaka makumi asanu osawaganizira kawiri.

Pamwamba pa kashopu kanga pali chipinda. Lolemba ndi Lachinayi, pemphero la m'mawa likatha, amuna khumi amakwera m'menemo ndi a Rabi Amramu kukaphunzira Kabala, nzeru yobisika ija. Tiyi wawo ndimawakwezera ndine. Ndimaika thireyi pakhomo n'kutsika. Akayamba kuwerenga ndimagoneka nyundo pansi, poyamba kuti ndisawasokoneze, koma m'kupita kwa zaka ndinazindikira kuti ndimaigoneka kuti ndizimva. Mawu ake sindiwamva tanthauzo. Amangotsika m'denga ngati kulira kwa njuchi, ine n'kukhala pampando wanga ngati munthu woima kunja kwa nyumba ya ukwati.

Kumayambiriro kwa nyengo yotentha ino a Yihya, mmodzi mwa khumiwo, anatisiya. Mpando wawo, wa pazenera, unatsala wopanda munthu. Chimene chinandilowa sindikuchidziwa. Masiku a maliro atatha ndinawadikira a Rabi pamasitepe.

Ndinati, "A Rabi, ine ndakalamba. Zaka makumi anayi zimene amati munthu akwanitse asanaphunzire Kabala ndinazidutsa kalekale. Mkazi ndili naye. Sabata sindinaliswepo. Kodi pampando wa a Yihya sipangakhale munthu wosaphunzira, wongomvera chabe?"

Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anati, "Kusaphunzira si vuto, amisiri. M'chipinda muja muli awiri amene sakuposani kwenikweni, kungoti iwo sakudziwa. Koma zimene timathira m'mwambamo n'zotentha, ndipo sitithira m'chiwiya chosayeretsedwa. Inu mwayeretsa mapoto a tauni yonse ino. Nanga wanu anameza chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Kaganizeni," anatero. "Tidzayamba gawo latsopano chikondwerero cha Misasa chikatha. Mpando udikira kufikira pamenepo. Kupitirira apo sindingalonjeze."

Ndinafika kunyumba miyendo ili yopepuka. Ndinadzifunsa kuti, kodi oyera mtima akale ankadziyeretsa bwanji? Ankasala kudya, ankamira m'madzi a kasupe, ankatseka pakamwa. Ndiye ndinayamba. Lolemba ndi Lachinayi osalawa kanthu kufikira dzuwa litalowa, ndipo patapita masabata awiri ndinaonjezapo Lachiwiri. M'mawa uliwonse ndimatsika masitepe aja mpaka ku kasupe wa kumunsi kwa manda, kumene madzi ake amaluma mpaka m'mafupa, n'kumira kasanu ndi kawiri. Masiku osala kudyawo ndimasalanso kulankhula, pakamwa panga pamangotuluka pemphero.

Mkazi wanga Freha poyamba anaseka. Anati, "Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti mukhaleko chete. Wandiyankha mochedwa, komanso wapyoletsa." Koma ataona kuti lamba ndaboola bowo lina, kuseka kunatha. Amandiikira mbale patsogolo n'kunena kuti, "Idyani, abambo a Avneri. Angelo sadya, ndikudziwa, koma angelo alibe matenda a shuga." Ine ndimangoloza pakamwa panga n'kupukusa mutu.

Mnzanga Pinhasi, wogulitsa azitona moyandikana ndi shopu yanga, amene tinabwera pa sitima imodzi, amandikuwira anthu akumva. "Patukani, woyera akudutsa. Iwe, ukayamba kuuluka undiuze, unditengereko zitini ziwiri ku Tiberiya, msana wanga watopa ndi basi." Koma tsiku lina anandikokera kuseri kwa migolo yake, nkhope itasintha. Anati, "Zoona, mnzanga, zisiye izi. Iwe ndi ine ndife anthu a nyundo ndi mchere. Wamuiwala Rahamimu?"

Sindinamuiwale. Rahamimu anali mwana wa mlongo wake wa Pinhasi, mnyamata wanzeru zoopsa, amene anatsegula mabuku obisikawa payekha ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Chaka chisanathe analeka kudya. Analemba zilembo ndi makala m'makoma onse a nyumba ya amayi ake, mpaka kudenga. Ndinamuona ndi maso angawa ataima pamsika, akufunsa aliyense wodutsa kuti, "Dzina langa ndani? Alifafaniza kumwamba." Anakathera kuchipatala cha odwala misala, ndipo anabwerako ali mtembo, m'nsalu yoyera.

Patatha masabata asanu ndinawaimitsanso a Rabi pamasitepe pomwe paja.

Anati, "Mwaonda."

Ndinawafotokozera zonse, kusala, kusamba, kukhala chete. Ndinkaganiza kuti andigwira paphewa.

Anangofunsa kuti, "Madzi a kasupe akuzizira bwanji chaka chino?"

Ndinati, "Ngati mpeni, a Rabi."

"Eya," anatero, n'kuyamba kukwera.

Pamenepo mantha anandigwira. Ndinawagwira mkono wa jekete, chinthu chimene sindinachitepo. Ndinati, "A Rabi, ndiuzeni chimodzi chokha, m'chinenero cha ntchito yanga. Ine ndine mkuwa kapena dothi?"

Anatembenuka n'kunena mofatsa kuti, "Amisiri, kodi munthu woyamba anaumbidwa ndi chiyani?" Ndipo analowa, chitseko n'kutsekeka.

Agogo, ndinakhala pansi pamasitepe pomwepo. Dothi. Ndinamva mawu anga omwe, amene ndauza amayi mazanamazana, akubwerera kwa ine: uwu bwererani nawo, mankhwala ake n'kuuswa basi.

Tsopano ndiulule chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Freha. Tsiku lomwelo, nditakweza tiyi, ndinapeza chitseko chili pululu, m'chipinda mulibe munthu. Onse anali atatsikira pabwalo kukakwanitsa chiwerengero cha amuna khumi chofunika pa pemphero la munthu wina woferedwa. Patebulo, pafupi ndi mpando wa a Yihya, panali buku lotsegula. Mumtima ndinati, ngati ndine wokanidwa kale, ndilaweko kamodzi. Ndinalowa. Ndinaika chala pamzere woyamba n'kuutchula mokweza mpaka kumapeto. Sindinamve tanthauzo la liwu n'limodzi lomwe. Koma nditafika kumapetoko zilembo zinayamba kuyenda ngati nyerere zimene mwaziphwasulira chisa, ndipo poyera pa pakati pawo panawala mpaka maso kupweteka. Thukuta lozizira linatsika kumsana. Thireyi inandipulumuka, matambula awiri anasweka. Ndinatola magalasiwo ndi manja n'kuthawa ngati mbala.

Kuchokera tsiku limenelo sindili bwino. Manja amanjenjemera moti nyundo imaphonya. Pemphero limene ndakhala ndikunena chiyambire ubwana limandithawa pakati, n'kutsala nditaima kukamwa kuli yasa, anzanga atapita kale patsogolo. Lachinayi lapitali ndinagwa pamasitepe a ku kasupe, anandidzutsa ndi okumba manda. Mwezi uno wa kulapa, lipenga la nyanga ya nkhosa likalira m'sunagoge, ine ndimamva ngati akuitana munthu mmodzi yekha. Tiyi sindikwezanso, ndimauza a m'mwambamo kuti bondo likuvuta. Akayamba kuwerenga ndimamenya nyundo mwamphamvu kuti ndisamve. Dzulo ndinadzipeza ndikunong'ona dzina langa ndi la bambo anga, kuyesa ngati ndikuwakumbukirabe.

Pali kanthu kena. Sindinafune kukalemba, chifukwa sindikuona kugwirizana kwake ndi za mabuku. Koma Freha atandiona ndi pepala anati, "Ngati mukulembera Agogo a m'nyuzipepala aja, mulembenso za chikho. Mukapanda kutero mwangotaya sitampa."

Tili ndi mwana mmodzi wamwamuna, Avneri. Amagwira ntchito kudoko la ku Haifa. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, masana a Sabata, tikukhala patebulo, anatulukira ndi mkazi wake Dalia, atanyamula khanda lawo lalikazi la miyezi itatu, mdzukulu wanga woyamba. Ndinaganiza kuti anafika Lachisanu n'kugona kwa abale a Dalia, kumtunda kwa tauni. Tinali ndi alendo awiri, Pinhasi ndi malemu a Yihya. Mtima wanga unadzadza. Ndinamupatsa botolo la vinyo n'kunena kuti, "Thira ndiwe, mwana wanga." Atawerama kuti athire m'chikho, m'thumba la malaya munagwa makiyi. Anagwera m'mbale, ngwee. Makiyi a galimoto. Anali atayendetsa pa Sabata, chinthu choletsedwa kwa ife, galimoto n'kuisiya kutsinde kwa phiri, n'kukwera wapansi ndi khanda kuti ine ndisaone.

A Yihya anayang'ana pansi. Pinhasi anati, "Makiyi a nyumba awa. Dalitsa vinyoyo, iwe, nsomba ikuzizira." Koma ine magazi anali atawira kale. Ndinanyamula chikho chija, ndinapita pakhomo, ndinakhuthulira vinyo pamiyala ya pabwalo. Nditabwerera ndinati, "Vinyo wothira munthu wakunja sitidalitsa. Patebulo pano ine ndilibe mwana."

Avneri anatola makiyi ake. Nkhope inali itayera ngati nsalu ya patebulopo. Anati, "Ndimafuna mumudalitse mwanayu, ababa. Masiku enawa ndimakhala kuntchito." Anatuluka, Dalia pambuyo. Chiyambire tsiku limenelo sanapondenso masitepe athu. Freha mwezi uliwonse amapita ku Haifa, amati kwa dokotala wa maso. Maso ake amalowetsa ulusi pasingano mpaka lero. Ine sindifunsa.

Koma Agogo, kodi pamenepa ndinalakwa? Lamulo ndi lamulo. Ine ndinaimira Sabata.

Mafunso anga ndi awa. Kodi a Rabi andiweruza kuti ndine dothi, munthu wosayeretseka? Kodi chimene chayamba mwa ine n'chomwe chinamutenga Rahamimu? Ndionjeze kusala kuti mwina andichitire chifundo, kapena ndisiye zonse? Ndipo ndikasiya, chimene ndinatsegula ndi chala changa chija chidzatsekeka? Imfa yeniyeniyo sindiiopa kwambiri, pa msinkhu wanga ndi mnansi. Ndikuopa kuswedwa ndili moyo, Freha n'kumanditsogolera pamsika atandigwira dzanja, ine ndikufunsa anthu dzina langa. Ndikuopanso kukafika pamaso pa Woweruza n'kumva akuti, uwu bwererani nawo. Misasa yayandikira, ndipo mpando uja sudikira.

M. V., Tsefati


Bambo M. V.,

Musanawerenge ndime yachiwiri, ikani nyuzipepala pansi, itanani mayi Freha akupatseni chakudya. Ndikudikirani.

Mwadya? Tsopano mverani. Munthu wa zaka zanu, wa matenda a shuga, wosala masiku atatu pa sabata, wotsika phiri m'mimba muli gwa kukamira m'madzi ozizira, amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amaiwala mawu, amaona zinthu zikuvina, ndipo amagwa. Zilembo zija zikanayenda chimodzimodzi mukanawerenga chikwangwani cha pokwerera basi. Pitani kwa dokotala sabata ino, mukamuuze zonse monga mwandiuzira ine, osachotsapo. Ku kasupe musatsikenso nokha. Ngakhale za kusala kwa Tsiku la Chitetezero cha machimo asankhe ndi dokotala pamodzi ndi a Rabi, osati inu. Ine ndikuchita nanu mantha, koma osati a buku. Masitepe a kumanda aja akhoza kukuphani.

Za Rahamimu sindizipeputsa. Mnyamata uja anadwala, ndipo anadwala ali yekha. Inu simuli iye. Koma pali zitatu zimene mwayamba kufanana naye: kusadya, kutseka pakamwa, ndi kubisa. Zithetseni zitatuzo lero. Mawa kwezani tiyi, muwauze a Rabi kuti munalowa, munatchula mzere umodzi, munaswa matambula awiri. Ndikukhulupirira kuti za matambulazo akudziwa kale, ndipo angakhale akudabwa kuti tiyi anathera kuti. Mzere umene simunaumve tanthauzo sunatsegule khomo lililonse. Chimene munaba ndi ulemu wa chipinda chija, ndipo umenewo umabwezedwa ndi kupepesa.

Tsopano ndikufunseni ngati mmisiri. Pa zaka makumi asanu zonsezi, munayamba mwayeretsapo poto m'madzi ozizira? Mayi atabwera n'kunena kuti, "Ndauviika mumtsinje kasanu ndi kawiri, wayera," mungamuyankhe chiyani? N'chifukwa chake a Rabi anakufunsani za kuzizira kwa kasupe. Anakulankhulani m'chinenero chanu, inu n'kumva cha eni ake.

Lamulo mwalilemba nokha: chiwiya chimalavula momwe chinamezera. Chanu chinameza masana, patebulo lodzadza chakudya, magazi atawira, kudzera pakamwa, anthu akuona. Ndiye inu mwasankha m'bandakucha, njala, madzi ozizira, pakamwa potseka, kwanokha. Chilichonse mwachitembenuza. Sindikunena kuti mwachita dala. Koma mtima wa munthu ndi wochenjera, bambo. Unaona kuti kumira m'madzi oluma mafupa n'kopepuka kusiyana ndi kukwera basi ya ku Haifa.

Mwandifunsa ngati munalakwa. Za vinyo wothira munthu woswa Sabata ine si woweruza, kafunseni a Rabi, ndipo mwina yankho lawo likakudabwitsani. Kukonda Sabata sikulakwa. Koma mukanatha kumutengera Avneri panja n'kumudzudzula awiriwiri. Inu munamuyeretsa nkhope ndi manyazi pamaso pa mkazi wake ndi alendo, ndipo akuluakulu athu amati kuchititsa munthu manyazi pagulu n'chimodzimodzi kukhetsa magazi ake. Munamukana kuti si mwana wanu, mawu amene palibe lamulo linakutumani kunena. Ndipo khanda limene linabwera kudzadalitsidwa linabwerera chimanjamanja. Kodi ilo linayendetsa galimoto? Inde, munalakwa. Mukudziwa, n'chifukwa chake nkhaniyi mwaiika kumapeto.

Za dothi, mwadziopseza ndi theka la lamulo. A Rabi sanati inu ndinu dothi. Anati munthu ndi dothi: iwo eni, khumi aja, malemu a Yihya, ine. Inu mumakumana ndi mphika pamgolo wa madzi, ndipo pamenepo n'zoona, madzi sauthandiza. Koma kafunseni oumba. Mphika wa dothi ukabwezedwa m'ng'anjo momwe unapsera poyamba, umatuluka ngati watsopano. Chovuta n'chakuti eni ake amaukonda, amaopa kuti usweka, ndiye amautulutsa moto usanakwane. Ndipo kusweka kumene anthu a nzeru yobisika amakufuna si kwa mutu ayi. N'kwa mtima, pamene munthu wouma khosi anena kuti ndinalakwa, osaonjezapo kanthu.

Dzina lenilenilo lakuti Kabala tanthauzo lake ndi kulandira. N'chifukwa chake akale anati adikire zaka makumi anayi, akhale ndi mkazi, akhale wokhuta chiphunzitso choonekera. Sankawerenga imvi. Ankafuna munthu amene moyo wamupinda, amene wakhala ndi anthu m'nyumba imodzi n'kuphunzira kupepesa. Munthu amene analephera kulandira mwana wake pakhomo, zobisika za Mlengi azilandirira pati?

Chitani chonchi. Yambani ndi mayi Freha. Muwauze kuti za dokotala wa maso mumazidziwa, muwathokoze, chifukwa zaka khumi ndi chimodzi asenza okha ntchito ya makolo awiri, mobisa ngati akuba. Muwapemphe akamufunse Avneri ngati angalole kuti mubwere. Musamuitanitse, wolakwa ndiye amayenda. Mupite pakati pa sabata, pa basi, mutadya. Mumutenge Pinhasi, chifukwa mwa alendo amene anamva mawu aja watsala ndi iye yekha, ndipo chimene chinalowa anthu akumva chituluke anthu akumva. Adzakusekani njira yonse, zimenezo zikuthandizani.

Mukakafika, mawu akhale ochepa. "Ndinakuchititsa manyazi. Ndinati ndilibe mwana, linali bodza. Ndikhululukire." Liwu lakuti "koma" mulisiye ku Tsefati. Za galimoto, za makiyi, za mmene amasungira Sabata lero, musatchule ngakhale ndi maso. Mupepesenso kwa Dalia payekha, iyenso anatuluka m'nyumba mwanu ndi manyazi atanyamula khanda. Mdzukulu wanuyo musamuthamangire ndi manja pamutu. Kwa iye ndinu mlendo. Mupemphe kwa makolo ake, ndipo akati lero ayi, ndi ayi.

Mukudziwa kuti Tsiku la Chitetezero silifafaniza mlandu wa munthu ndi mnzake kufikira wolakwa atapita yekha kukapepesa, ndi kuti mwambo umati apite mpaka katatu. Inu musawerenge maulendo. Ndi mwana wanu.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Choyamba, Avneri akhoza kukana. Bala la zaka khumi ndi chimodzi silipola chifukwa choti wolasayo wafulumira. Akakana musabwerere ku njala ndi ku kasupe kukadzilanga, mubwerere kwa iye. Chachiwiri n'chachikulu. Mpando wa pazenera uja ukhoza kupita kwa wina, ngakhale mutachita zonsezi, ndipo sindikulonjezani kanthu m'malo mwa a Rabi. Choncho musamusandutse mwana wanu sitepe yokwerera m'chipinda cha m'mwamba. Adzanunkhiza. Anthu a m'tauni mwanu amalankhula, ndipo ndikukhulupirira kuti ku Haifa zafika kale zoti bambo ake akufuna kukhala ndi oyera. Adzakuyang'anani m'maso n'kufunsa kuti, "Ababa, mwabwerera ine kapena mpando?"

Musamunamize. Muuzeni kuti chimene chinakudzutsani ndi mpando, inde, ndi mantha. Kenaka mumuuze chimene mungasankhe atakuuzani kuti mutenge chimodzi chokha. Yankho la funso limenelo mulipeze musanakwere basi. Ngati mulibe, simunakonzekere ku Haifa, ndipo m'chipinda cha m'mwambamo mulibe choti mukachitemo.

Agogo